Paipi Yomatidwa ndi Dothi

Chithunzi chimene wapolisi anaika patebulo la m'khitchini mwa Tiyanjane chinali cha paipi basi. Paipi yoyera yapulasitiki, yotulukira pakhoma la nyumba yomweyo cham'munsi, pofika m'mawondo. Koma Tiyanjane atachiyang'anitsitsa anaona kuti kukamwa kwa paipiyo kunali kotsekedwa.

Wapolisiyo anali mayi wamtali wolankhula mosathamanga, dzina lake Judith. Anafotokoza kuti paipiyo ndi imene imatulutsa utsi wa fanesi, makina a gasi otenthetsera nyumba. Munthu wina anaiphatika nsanza n'kumata pamwamba pake. Utsi utasowa kolowera unabwerera kubesimenti, kunsi kwa nyumba, kumene kunkagona Wadi, mnyamata wa ku Mangochi amene ankachita lendi zipinda zapansizo. Wadi ankagwira ntchito usiku kumalo osungirako katundu mumzinda womwewo wa Brampton ku Canada, masana n'kumagona. Mpweya wake ndi uja wosanunkha, wosaoneka, wongomugoneka munthu tulo tosadzuka nato. Tsopano anali kuchipatala, osatsegula maso, osayankha.

Tiyanjane anali nesi, ndipo sankafunika womuuza zimene mpweya umenewo umachita muubongo wa munthu. Chimene chinkamudetsa nkhawa ndi china. Mwamuna wake Yotamu anali atamutenga kupolisi m'mamawa kuti akayankhe mafunso, ndipo dzuwa linali kupendeka asanabwere.

Zonsezi zinayamba ndi ribeti. Boma linkabwezera eni nyumba gawo la ndalama akakonza nyumba zawo kuti zisamataye kutentha, ndipo Yotamu, amene sakanadutsa pamalo polembedwa kuti zotsika mtengo osaima, anailowa nkhaniyo ndi miyendo yonse iwiri. Mawindo atsopano, zotchingira kuzizira m'makoma, fanesi ina. Kenaka anaganiza zokonzanso besimenti yonse kuti akweze lendi, ndipo Wadi anakana kusamuka m'nyengo yachisanu.

Judith anatulutsa foni n'kuseweretsa uthenga wamawu umene mchemwali wa Wadi anapereka kupolisi. M'khitchini yozizirayo munamveka mawu a Yotamu, okwiya, othamanga:

"Iwe Wadi, usandiyese. Nyumba ino ndi yanga. Utuluka ufune usafune, ngakhale chokunyamula."

Wina anali atawamasulira kale apolisi mawuwo, ndipo anamasulira bwino. Tiyanjane anayesa kufotokoza kuti kwathu munthu amalankhula choncho akapsa mtima, mawa lake n'kudyera mbale imodzi ndi yemwe amamukalipirayo. Judith anangogwedeza mutu mwaulemu. Kenaka anafunsa za alamu yochenjeza za mpweya woipa: n'chifukwa chiyani sinali pakhoma la kubesimenti, koma m'katoni m'galaja? Tiyanjane ananena zoona. Anaichotsa ndi Yotamu yemwe pamene amisiri ankakonza makoma, ndipo sabata iliyonse ankati aibwezera Loweruka. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Funso lomaliza linali lakuti anatsala ndani panyumba dzulo m'mawa. Tiyanjane anati iye ananyamuka msanga ndi bambo ake omubereka, a Norbert, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Kasungu, kupita nawo kwa dokotala wa maso ku North York. Anamusiya Yotamu akuchotsa sinowo, chipale chofewa chija, panja ndi fosholo asanapite kuntchito ku Markham.

Mbali iti ya nyumba? anafunsa Judith.

Tiyanjane anayang'ananso chithunzi chija. Inali mbali ya paipi.

*

Bahati, mchemwali wake wa Wadi, anali pampando wa m'khonde la chipatala atakumbatira chikwama. Masiku onse ankamutchula Tiyanjane kuti achemwali. Lero sanaimirire n'komwe.

"Mwabwera kudzaona ngati watha, mayi?"

Mawuwo anamulasa Tiyanjane pamtima. Anakhala pansi kusiya mpando umodzi pakati pawo, n'kupempha kuti angomuuza zimene anaona. Bahati anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wakumutu, kenaka anayamba kulankhula osamuyang'ana.

Anati Wadi anamuimbira m'mawa ataweruka, monga ankachitira tsiku lililonse. Anagwirizana kuti madzulo apite limodzi kukagula nyama kubutchala ya halali. Nthawi itakwana foni inkangoitana. Bahati anakwera basi, natsegula chitseko chakumbali ndi kiyi wake, n'kumupeza mchimwene wake atagwa pakati pa bedi ndi chitseko, nkhope ili yofiira ngati wopaka utoto. Anamukoka ndi miyendo mpaka pamasitepe, iye mwini mutu ukuwaza, mawondo akugwedera.

"Wallahi, ndikanachedwa ndi basi imodzi bwenzi lero tikusambitsa maliro. Mwana wa mayi anga anabwera kuno kudzasaka, osati kudzaphedwera zipinda ziwiri."

Tiyanjane anafunsa ngati Wadi anatchulapo pafoni kuti wakumana ndi Yotamu m'mawawo, kapena kuti akangananso. Bahati anapukusa mutu. Za Yotamu Wadi sananene kanthu. Ankangoseka za madala, bambo a Tiyanjane, kuti pofika kuchokera kuntchito kunja kusanayere bwino, anawapeza ali panja kale, atavala jekete ziwiri, manja ali zii ngati nsomba za mufiriji. Anawalowetsa kwake n'kuwapangira tiyi wa tangawizi.

"Bambo anu aja ndiwo munthu m'nyumba mwanumo," anatero Bahati. "Wadi amawatcha ababa ake a ku Canada."

Tiyanjane sanaone chachilendo pamenepo. Bambo ake anali mlimi, ndipo mlimi ngakhale umugoneke pamatiresi a mtengo wanji, tambala akalira m'mutu mwake amadzuka. Anasuzumira pagalasi la chipinda n'kuona Wadi ali ndi chipaipi kukamwa, makina akumupumira. Iye amene ankaona zoterezi tsiku ndi tsiku kuntchito analephera kupirira, anatembenuka n'kuthamangira kunja.

*

Webster, mmisiri amene anaika fanesi ija, sankayankha foni. Tiyanjane anamupeza pomwe ankadziwa kuti amupeza, m'veni yake kuseri kwa sitolo yogulitsa zipangizo zomangira, injini ikulira, iye atagwira kapu ya khofi yemwe sankamwa. Anali wa ku Chipata, membala wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo ntchitoyo anapatsidwa chifukwa Tiyanjane ndiye anamuyamikira kwa mwamuna wake.

Tiyanjane analowa m'veniyo osaitanidwa. Anamuuza zimene ozimitsa moto amene anafika kunyumba dzulo ananena, kuti fanesi yamasiku ano paipi ikatsekeka imazima yokha. Yawoyo sinazime. N'chifukwa chiyani?

Webster anayamba ndi nyimbo zambiri. Makina a masiku ano, nyengo ya kuno, azungu opanga zinthu zosalimba. Tiyanjane anangomuyang'ana mpaka nyimbozo zinatha zokha. Pamenepo mwamunayo anaika kapu pansi.

"Ba sisita, inali kuzima-zima, mwamene muja mu Disembala. Ba Yotamu foni usiku, foni m'mawa, ati nyumba yazizira, muli na nkhalamba. Manje nenze nilibe sipeya. Ninalumikiza chabe kawaya kuti kaswichi kaja kasazimye. Ninati nizabwera kufikisa, kukonza bwino-bwino, Mulungu ni mboni."

Mpaka lero anali asanabwere kudzakonza. Tiyanjane anamva mkwiyo ukukwera mpaka m'makutu, koma pansi pa mkwiyowo panali kachiyembekezo. Ngati Webster anachita zimenezi, mwina ndi yemwenso anatseka paipi, kaya pofuna kubisa chiyani. Anamufunsa mosapita m'mbali kuti dzulo m'mawa anali kuti. Webster anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi: anali ku Markham tsiku lonse padenga la munthu wina, pamodzi ndi anzake atatu. Anati apolisi anamuitana kale kuti akaone paipiyo, ndipo za kawaya azidziwa posachedwa, iye wangotsala kudikira.

"Koma ija paipi si ine. Ine nikafuna kuvala chibowo nisewenzesa silikoni. Uja anamata na matika, ba sisita. Matika! Bwino-bwino, kusalaza monga pulasitala, na vikumo vionekera. Manje niuzeni, mu Januwale muno, pansi pali gwa monga konkiriti, munthu matika ayachosa kuti?"

Matika ndiwo matope, vikumo ndizo zala, m'kalankhulidwe ka kwawo ku Chipata. Tiyanjane anatsika m'veni muja osatsanzika. Funso la Webster linamutsatira mpaka m'galimoto, linakhala naye pamaloboti onse a mumsewu. Yotamu anali munthu wa makompyuta, wobadwira m'tauni ku Area 18, amene akagwira dothi amathamangira sopo. Akanafuna kutseka paipi akanagula tepi, n'kusunga risiti.

*

Nyumba inali zii. Gasi anali atatseka, ndipo kahita kamagetsi kamene mnansi anawabwereka kankangotenthetsa mapazi a munthu mmodzi. A Norbert anali m'chipinda chawo akumvetsera nyimbo za kwaya pafoni. Chifukwa cha BP yawo, Tiyanjane ndi Yotamu anagwirizana zongowauza kuti makina aonongeka ndipo Wadi wadwala. Za paipi sanawauze, za kupolisi anawanamiza kuti mkamwini wawo wapita kukasaina mapepala.

Tiyanjane anaima pabalaza asanavule jekete. Pakona pafupi ndi windo panali mphika waukulu wa duwa lake la masamba otambalala, limene analilera chilowereni m'nyumbayo. Duwalo linali litapendekeka. Anayandikira. Mbali imodzi ya mphikawo dothi linali litakumbidwa mpaka mizu kuonekera, ndipo pamalopo panali posalazidwa bwino ndi chikhatho. M'bafa yapansi, kuseri kwa chitseko, anapeza kabeseni kotsukidwa, koma m'mphepete mwake mutatsalira mzere wakuda.

Anakhala pamphepete pa bafa atagwira kabeseniko.

Anakumbukira ku Kasungu ali mwana, nyengo yowotcha fodya. Bambo ake ankazungulira balani, nyumba yowotcheramo fodya ija, m'bandakucha, atanyamula beseni la matope, akuyendetsa dzanja pakhoma. Pomwe pankatuluka kamphepo kofunda ankaphatikapo chiguduli n'kumata, chifukwa balani yotaya moto imawononga fodya ndi nkhuni zomwe. Anthu ankabwera kuchokera m'midzi ina kudzaona mamatidwe awo.

Anakumbukiranso tsiku limene woyeza nyumba wa pulogalamu ya ribeti anabwera koyamba. Anamangirira chifani pachitseko, nayenda chipinda ndi chipinda ndi kachida kotulutsa utsi, kusonyeza paliponse polowa mphepo. A Norbert ankamutsatira pambuyo, maso ali tong'o, osangalala kuti kuno nakonso kuli anthu odziwa ntchito. Ndipo amene ankawamasulira anali Tiyanjane yemwe. Ndi pakamwa pake anawauza kuti kabowo kalikonse n'kutentha kotayika, ndiponso kuti woyezayo adzabweranso ntchito ikatha, ndipo nyumba ikadzapezeka ikutayabe mpweya, boma silidzabweza ndalama zonse zimene Yotamu ankayembekezera. Tsiku lobweranso woyezayo linali lero.

Mantha amene anali nawo m'mawa anali aang'ono poyerekeza ndi awa. M'mawa ankaopa kuti mwamuna wake amangidwa. Tsopano ankadziwa chomupulumutsa, ndipo chomupulumutsacho chinali bambo ake, nkhalamba ya pasipoti ya mlendo, yosadziwa ngakhale kupempha madzi m'Chingerezi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anaganiza zotaya kabeseniko m'bini ya kutali, kudzaza mphika uja ndi dothi lina, n'kutseka pakamwa. Webster anali ndi mlandu wake kale, mwina ukanakwanira. Koma nanga uthenga uja wa Yotamu, ndi alamu ya m'katoni, ndi fosholo?

Belu la pakhomo linalira.

*

Anali Judith, sinowo ili m'mapewa. Anati Yotamu agona kupolisi konko, chifukwa akuluakulu ake akuona kuti pali zokwanira zomutsegulira mlandu m'mawa. Anangotsala ndi munthu mmodzi wa m'nyumbamo amene sanalankhule naye. Womasulira wa boma sapezeka mpaka mawa, koma mafunso ake ndi ochepa, ongofuna kudziwa ngati bambowo anaona munthu wachilendo pafupi ndi nyumba. Kodi Tiyanjane angathandize?

Akanatha kukana. Akanatha kunena kuti bambo agona, kapena kuti BP yakwera. Koma a Norbert anali atamva kale kuti kwabwera mlendo, ndipo kwa iwo mlendo kumusiya osamupatsa moni ndi tsoka. Anatuluka atavala jekete la suti pamwamba pa juzi, nagwira dzanja la wapolisiyo ndi manja awiri, n'kukhala pampando mowongoka ngati ali pamsonkhano wa kalabu ya alimi.

Judith anafunsa, Tiyanjane anamasulira ndi mawu ouma: kodi dzulo m'mawa anaona wina aliyense mbali ya kumanzere kwa nyumba, kumene kuli paipi?

"Iyayi, kunalibe munthu. Ndinali ndekha ndithu, mpaka anandipeza mwana wanga Wadi."

Tiyanjane anatembenuza theka loyamba lokha. Koma a Norbert anali asanathe. Anayang'ana yunifolomu ya mlendoyo ndi kabuku kake, nkhope yawo n'kuwala.

"Kodi amayiwa ndi aja a boma oyeza nyumba? Uwauze asavutike, ndinawathandiza kale. Amisiri anu aja ndi ana. Anamata mawindo onse, n'kusiya chibowo chonse chija chikufwentha moto panja usana ndi usiku. Ndinaikapo dzanja ine, kutentha ngati mpweya wa ng'ombe. Ndinati mkamwini wanga asataye ndalama zake ine ndili pano ndikungodya. Chumuni chimakhala padenga, chimenecho sindinachikhudze. Ndinangotseka kapaipi kam'munsi kaja."

Anamaliza n'kupinda manja pachifuwa, kudikira kuyamikiridwa.

Judith anayang'ana nkhalambayo, nayang'ana Tiyanjane, cholembera chili m'mwamba. Anafunsa kuti bambo akuti chiyani.

Panalibe wina m'nyumbamo womva zilankhulo zonse ziwiri. Tiyanjane akanati akudandaula za kuzizira, nkhani ikanathera pomwepo, wapolisi akanatseka kabuku n'kupita. Anaona bodzalo lili pafupi, lopepuka, longofuna mpweya umodzi. Anaonanso Yotamu atakhala pabenchi ya m'chitolokosi, ndi Bahati akukoka mchimwene wake ndi miyendo pamasitepe.

Anamasulira zonse. Balani, woyeza nyumba, duwa, kabeseni, ndi mawu amene iye mwini anawauza bambo ake tsiku lija. Anawonjezera za kawaya ka Webster. Misozi inkatsika koma sanaime, poopa kuti akaima sayambanso. Judith analemba osakweza mutu, ndipo atamaliza ananena motsitsa kuti kuyambira pano bambowo asayankhenso kanthu mpaka atapeza loya ndi womasulira wa boma.

A Norbert anali atasiya kumwetulira. Chingerezi sankachimva, koma misozi ya mwana wawo ankaimva.

"Tiya, nyumba yalephera mayeso kodi?"

Tiyanjane anatsika pampando n'kugwada pambali pawo, monga ankachitira kwawo powapatsa madzi osamba m'manja. Anawauza pang'onopang'ono kuti kuno chumuni china chimatulukira pakhoma. Anawauza kumene utsi unapita, ndi amene anali m'tulo kumeneko, ndi kumene Yotamu anali kwenikweni.

Nkhalambayo inaweramitsa mutu. Inatembenuza zikhatho zake n'kumaziyang'ana ngati ndi za munthu wina. Kenaka inafunsa ngati Wadi ali moyo. Tiyanjane anati ali moyo, koma sakudzuka, ndipo madokotala sakulonjeza kanthu.

"Anandipangira tiyi," anatero a Norbert. "Manja anga ali ndi matope omwewo, iye n'kundithirira madzi ofunda kuti ndisambe. Ndinamuuza kuti kagone mwana wanga, lero kufunda."

Anaimirira movutikira, namanga mabatani onse a jekete lawo mpaka lapamwamba. Tiyanjane anawagwira mkono n'kuwauza kuti wapolisi wanena kuti akhale chete kaye, loya abwera, palibe amene akuwatenga lero. Iwo anachotsa dzanja lake mofatsa.

"Loyayo akandipeza konko. Uwauze amayiwa akatulutse mwamuna wako, pabenchi pamene wakhalapo ndi panga. Koma tidzere kuchipatala. Mchemwali wa Wadi uja asamve kwa apolisi, amve kwa ine."